Alawansi ya K100,000 pa ntchito yoteteza nkhalango: mwanayu asaine?

Malume_waBenga

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za ntchito zachilengedwe kuno ku Nkhotakota.

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 21, ali ndi MSCE koma wangokhala pakhomo chaka chachiwiri tsopano. Wasankhidwa ndi bungwe lina laling'ono limene likulemba achinyamata a zaka 18 mpaka 30 kuti azisamalira nkhalango za m'midzi yoyandikana ndi malo osungira nyama. Si agemu ayi, ndi bungwe lapadera. Ntchito ndi ya miyezi 6, Juni mpaka Novembala: kulambula mizere yotchinga moto, kusamalira nazale ndi kukumba migula m'mapiri. Azikhala kumsasa milungu itatu, sabata yachinayi kunyumba.

Pepala limene amupatsa likuti iye ndi "wongodzipereka", azilandira alawansi ya K100,000 pa mwezi, chakudya cha kumsasa, majombo, ndi satifiketi pomaliza. Za penshoni, tchuthi kapena kuvulala palibe pamene alemba. Ndalamayi ndi yoyenera? Pali msonkho umene adzadule? Nanga akavulala kuthengoko, mlandu ndi wa ndani? Akufuna pepalalo libwerere Lolemba atasaina.

Waleba_Wopuma

Amalume, mawu amene ali pamwamba pa pepala si amene amagamula nkhani. Munthu atha kulemba "wongodzipereka" ndi zilembo zazikulu, koma ngati mwanayo ali ndi kapitawo womuitana dzina m'mawa uliwonse, womupimira ndime, womudula ndalama tsiku limene wajomba, ndipo moyo wake ukudalira ndalama imeneyo, ameneyo ndi wantchito. Lamulo la Employment Act la 2000 limayang'ana mmene anthu awiriwo akukhalira, osati dzina limene abwana asankha. Wongodzipereka weniweni amabwera pamene wafuna, amabwezeredwa ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro, ndipo akapanda kubwera palibe womulanga. Milungu itatu kumsasa si kudzipereka kwa mtundu umenewo.

Tiyeni tiwerenge. Malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anali K50,000 kuyambira Januwale 2021, anafika K90,000 mu Febuluwale 2024, kenako K126,000 kuyambira pa 1 Juni 2025. Chiwerengerochi chimasinthasintha, ndiye mukadutsa pa ofesi ya zantchito pa boma mufunse chimene chikugwira ntchito mwezi uno. Ine nditenga K126,000. Mwezi wa ntchito amauwerenga masiku 26, ndiye pa tsiku ndi K4,846. Alawansi ya mwanayo mukaigawa pa masiku 26 omwewo ikubwera K3,846. Ikuperewera K1,000 tsiku lililonse, K26,000 pa mwezi, K156,000 pa miyezi 6.

A bungwe akuyankhani kuti chakudya ndi malo ogona zikukwaniritsa gawo lotsalalo. Lamulo limalola kuti mbali ina ya malipiro ikhale zinthu, bola mtengo wake ukhale wachilungamo ndipo zinthuzo zikhale zothandiza wantchitoyo. Ndiye alembe papepala kuti chakudyacho akuchiwerengera ndalama zingati. Majombo, magolovesi ndi ovololo musalole kuti alowe m'masamu amenewo. Zovala zodzitetezera pa ntchito ndi udindo wa wolemba ntchito, si mphatso.

Za maola. Sabata ya ntchito ndi maola 48, ndipo munthu sayenera kupitirira masiku 6 otsatizana osapuma tsiku lathunthu. Pa K4,846, ola limodzi ndi K606. Akapitiriza ntchito nthawi yoweruka itakwana, ola limakhala K909, ndiye kuti limodzi ndi theka. Akagwira tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma, ola ndi K1,212, kawiri. Izi ndi zofunika kwambiri pa ntchito imeneyi chifukwa moto wolusa sudziwa Lamulungu, ndipo Sepitembala ndi Okutobala achinyamatawa adzadzutsidwa usiku kukathira moto. Mabungwe ambiri salipira ndalama, amabweza ndi masiku opuma. Ngati ndi choncho zilembedwe, ndipo muonetsetse kuti sabata yapakhomo ija sakuiwerenganso ngati tchuthi cha pachaka. Chinyengo chimabisala pamenepo: sabata imodzi yomweyo amaitcha kubweza Malamulungu, amaitchanso tchuthi.

Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, masiku 15 kwa wogwira masiku 5. Wa miyezi 6 amapeza theka, masiku 9. Akapanda kupita kutchuthi, pomaliza ayenera kulandira ndalama yake, pafupifupi K43,600. Tchuthi chodwala cholipidwa, chija cha milungu 4 malipiro onse ndi milungu 8 theka, chimayamba munthu akakwanitsa miyezi 12, ndiye mwanayo sichimufika pokhapokha bungwe litalonjeza lokha papepala.

Msonkho usakudetseni nkhawa. Kuyambira Epulo 2024 a MRA sankadula PAYE pa K150,000 yoyambirira ya malipiro a mwezi, ndipo K100,000 kapena K126,000 ili pansi pa mzere umenewo. Wina akadula ndalama n'kunena kuti ndi msonkho, mufunse silipi yoonetsa kuti yapita kuti. Ya TEVET ija, yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, 1 peresenti, amalipira ndi wolemba ntchito kuchokera m'thumba mwake, siyidulidwa kwa wantchito.

Pa penshoni wantchito amadulidwa 5 peresenti, bwana amaikapo 10. Pa K126,000 ndi K6,300 ndi K12,600, pamodzi K18,900 mwezi uliwonse, K113,400 pa miyezi 6. Lamulo la penshoni limafunanso kuti bwana agulire wantchito inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Mukaphatikiza zonsezi muona chifukwa chake mawu akuti "alawansi" amakondedwa kuposa akuti "malipiro". Koma ndisakunamizeni, antchito a nyengo ali m'gulu la amene lamulo la penshoni silikakamiza, ndipo bungwe litha kunena kuti ntchito ya mizere ya moto ndi ya nyengo. Pamenepo mkangano ulipo ndithu.

Kapitawo_waNazale

Akuluakulu afotokoza za lamulo, ine ndinenepo za kumsasa, chifukwa K100,000 imeneyo imatha kapena kutsala malinga ndi zinthu zimene sizilembedwa.

Choyamba funsani ngati amalipira pa tsiku kapena pa ndime. Papepala pamakhala "pa mwezi", koma kumsasa kapitawo amakhala ndi kaundula, ndipo tsiku limachongedwa ndime ikatha. Pa mizere ya moto, ndime imayezedwa ndi chingwe. Mzere wabwino umakhala wotambalala mamita 4 mpaka 6, wopalidwa mpaka dothi lionekere, udzu n'kuukokera mbali imene moto ungachokere kuti uwotchedwe kukadali chinyezi. Mamita 20 a pachigwa ndi mamita 20 a paphiri la miyala si ntchito imodzi. Kapitawo wosaganiza amapima chimodzimodzi, ndipo amene wagwera pamiyala amatha masiku awiri pa ndime ya tsiku limodzi. Mwezi ukatha mupeza mwana wagwira masiku onse koma m'kaundula muli 19. Iyeyo akhale ndi kope lake laling'ono, azilemba deti, malo, ndime, ndi dzina la amene wamupimira. Pa tsiku lolandira, kope limenelo ndiye mboni yake.

Ku nazale ntchito imakula kuyambira Ogasiti, kuti mbande zikhale zokhwima pofika nyengo yodzala mitengo, imene dziko lino imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Kudzaza machubu kumaoneka kopepuka kwa woonerera. Dothi la pansi pa mitengo magawo awiri, mchenga gawo limodzi, manyowa owolerana gawo limodzi, kusefa, kunyowetsa pang'ono, kenako kudzaza ndi kugogoda chubu pansi kuti lisapindike. Wozolowera amadzaza 400 kapena 500 pa tsiku ngati dothi lasefedwa kale. Ngati akukatuta yekha mchenga kudambo ndi kusefa yekha, 250 ndi yambiri. Ndiye akamati ndime ndi machubu 500, funso ndi lakuti dothi akonza ndani.

Palinso chizolowezi china choipa chowerenga machubu amene amera okha. Mbewu ya nsangu ndi ya kesha ili ndi khungu lolimba, imafuna kuthenedwa kapena kunyikidwa m'madzi isanafesedwe. Ya mbawa sichedwa kufa ikasungidwa nthawi yaitali. Mbewu ikabwera yakale kuchokera ku ofesi n'kusamera, wolakwa si amene anadzaza chubu. Malipiro akhale a ntchito ya manja ake, osati a kameredwe.

Chakudya. Mawu akuti "tidzapereka chakudya" ndi opanda kanthu mpaka atatchula muyezo. Munthu wogwira khasu tsiku lonse amadya ufa pafupifupi theka la kilogalamu pa tsiku, ndiye pa masiku 21 ndi makilogalamu 10 kapena 11. Onjezani nyemba makilogalamu 3, mafuta ophikira lita imodzi, mchere, shuga, ndi usipa kapena soya wosinthira ndiwo. Phoso likachepa, sabata yachitatu achinyamata amayamba kugula okha m'midzi yapafupi pangongole, ndipo pa tsiku lolandira mwini okala amakhala ataima kale pambali. Funsaninso kuti wophika alipo kapena amaphika okha akaweruka, komanso madzi akumwa ali patali bwanji. Mtsikana pa msasa wa anyamata ambiri amangopezeka wasanduka wophikira gulu, ndime yake ili pomwepo. Zimenezo zikanidwe tsiku loyamba.

Zida nazo zimadya ndalama. Khasu, chikwanje, chikwakwa, keni yothirira, amasainira munthu mmodzimmodzi. Chikasowa amadula mtengo wa chatsopano, pamene chinali chakutha kale. Polandira ayang'ane mpini ndi mano, alembe m'kope kuti chinali chotani, ndipo aike chizindikiro chake pa mpini. Majombo apemphe kuti ayese asanasaine. Gambutsu ya labala ndi yabwino ku nazale, koma pa phiri mu Okutobala imawotcha mapazi ndi kutulutsa matuza. Masokosi okhuthala mapeyala atatu ndi chinthu choyamba kugula.

Kachedwedwe ka ndalama ndiye nthenda ya mabungwe ang'onoang'ono. Iwo amalandira thandizo m'zigawo, chigawo china chimabwera lipoti likavomerezedwa, ndiye lipoti likachedwa alawansi imachedwanso. Pepala litchule deti lolandirira, osati "kumapeto kwa mwezi". Ngati amalipira pa Mpamba kapena Airtel Money, nambalayo ikhale yolembetsedwa m'dzina la mwanayo, lofanana ndi la pa chiphaso cha unzika chilembo ndi chilembo. Dzina likasiyana ndalama imabwerera, ndipo kuikonza kumatenga mwezi wina. Ya kutapa kwa ejenti nayo mufunse ngati amaionjezera pamwamba.

Ndipo thiransipoti. Kuchoka ku Benga kukafika ku boma, kenako kabaza wolowa kumapiri, kupita ndi kubwera mwezi uliwonse, ngati galimoto ya bungwe siwanyamula mutha kupeza gawo lalikulu la alawansi latsala mumsewu wa M5.

Namwino_Nabanda

Ine ndiyankhe funso lanu lomaliza, bambo, chifukwa ndi limene anthu amalikumbukira ngozi itachitika kale.

Dera lozungulira malo osungira nyama a Nkhotakota lili ndi kashembe, ndipo boma lino pamodzi ndi Rumphi ndi kumene matenda a kaodzera amapezeka kwambiri m'Malawi. Mtundu wa kaodzera wa kuno ndi wothamanga, umatha kupha m'milungu kapena miyezi yochepa ukapanda kuchizidwa. Vuto lake umayamba ngati malungo: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, nthawi zina chotupa chowawa pamene kashembe analuma, sabata imodzi mpaka itatu chilumireni. Munthu amamwa LA, osachira, amamwanso. Mwanayo adziwe kuti akatentha thupi, akayezetsa malungo n'kusapezeka, kapena akamwa mankhwala osasintha, anene yekha kwa dokotala kuti amagwira ntchito kuthengo ndipo apemphe kuyezedwa kaodzera. Chipatala cha boma cha Nkhotakota chimawadziwa matendawa ndipo chithandizo chake ndi chaulere.

Kashembe amakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, n'chifukwa chake misampha yake mumaiona ili nsalu za mitundu imeneyi zitapachikidwa m'tchire. Ndiye bungwe likagawa maovololo a buluu, aja a m'magalaja, kwa anthu okagwira ntchito kumeneko, dziwani kuti wogula zovalayo sanafikeko. Zoyenera ndi za khaki kapena zobiriwira mofuwira, za manja aatali, nsalu yokhuthala chifukwa kashembe amaboola yopyapyala.

Zina ndi zodziwika: neti ya udzudzu yakeyake, katemera wa kafumbata chifukwa mabala a chikwanje ndi a tsiku ndi tsiku, chitedze m'madambo, njuchi, ng'ona kwa otunga madzi mu Bua ndi m'mitsinje yothira m'menemo. Njoka ikaluma, kaya mphiri kaya songo, osatema pabala, osayamwa, osamanga mwamphamvu ndi chingwe. Munthuyo agone, chiwalocho chisagwedezeke, anyamulidwe kupita kuchipatala. Apa ndiye pali mafunso enieni ofunsa bungwe: kumsasa kuli njinga yamoto kapena galimoto usiku? Netiweki imagwira, kapena mpaka kukwera pachulu? Alipo amene anaphunzira chithandizo choyamba, ndipo bokosi la mankhwala muli chiyani? Chipatala chapafupi chili pa makilomita angati?

Za chipukuta misozi, lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limateteza wantchito amene wavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito, ndipo amene amalipira ndi wolemba ntchito. Apa ndi pamene mawu aja akuti "wongodzipereka" amaluma, chifukwa bungwe lidzayamba ndi kukana kuti munthuyo sanali wantchito wawo. Pemphani kuti papepala paoneke chiganizo chimodzi chokha chonena kuti akavulala kapena kudwala ali pa ntchito, bungwe lidzalipira thiransipoti, chithandizo, ndi masiku amene wagona. Mufunsenso ngati ali ndi inshulansi ya ngozi ya gulu lonse, ndi ya kampani iti. Ngozi ikachitika inenedwe kwa kapitawo tsiku lomwelo, ilembedwe, mboni ziwiri zisaine, ndipo buku la kuchipatala lisungidwe bwino. Dokotala alembemo kuti bala lachitika pa ntchito.

Poti ndi mtsikana: tenti kapena chipinda cha akazi okhaokha, bafa ndi chimbudzi chawo chotseka, ndi munthu wamkazi amene angakadandaule kwa iye wosakhala pansi pa kapitawo yemweyo. Kapitawo amene amachonga kaundula ali ndi mphamvu pa ndalama ya mwana, ndipo ena amaigwiritsa ntchito molakwika. Mufunse kuti atsikana ena asankhidwa angati. Akakhala yekha pa anyamata 20, ine sindingalimbikitse.

Malume_waBenga

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba mafunsowa ndipo mawa tipita limodzi ku ofesi yawo. Pali china. Mwanayu waona pa Facebook uthenga wakuti ku America kuli ntchito yonga yomweyi ya achinyamata, yolipira madola ndi sukulu yaulere, ndipo akufuna K45,000 yolembetsera. Akuti bola adikire imeneyo. Ilipodi?

Mphunzitsi_waMwansambo

Ntchitoyo ilipodi amalume, koma si ya mwana wanu, ndipo K45,000 imeneyo musatumize.

Ku America kuli mapulogalamu a achinyamata ogwira ntchito m'nkhalango ndi m'mapaki, kukonza tinjira, kudzala mitengo ndi kuthandiza pa moto wolusa. Ambiri amayendera pansi pa AmeriCorps, imene inakhazikitsidwa mu 1993. Nawonso salandira malipiro enieni, amalandira alawansi yongokwanira kudya ndi kugona, yochepa poyerekeza ndi ntchito wamba za kumeneko. Phindu lalikulu limabwera pomaliza: amene wakwanitsa maola 1,700 amapatsidwa thandizo la maphunziro, limene m'zaka zaposachedwa linali madola 7,395. Ndalamayo sapatsidwa m'manja, imapita ku koleji kapena kukabweza ngongole ya sukulu. Ndipo kuti ulowe uyenera kukhala nzika ya dzikolo kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Mtsikana wa ku Benga sangalembetse ali kuno, ndipo palibe ejenti amene angamutsegulire khomo limenelo pa Airtel Money.

Maganizo ake ndi akale. Mu 1933 pulezidenti Franklin Roosevelt anayambitsa Civilian Conservation Corps pa nthawi ya ulova woopsa. Anyamata ankalandira madola 30 pa mwezi, ndipo 25 inkatumizidwa kwa makolo kumudzi, iwo n'kutsala ndi 5, chakudya, zovala ndi pogona zili zaulere. Ndatchula izi chifukwa zikuonetsa kuti pa ntchito za mtundu uwu ndalama ya m'manja imakhala yochepa kulikonse, ndipo chimene chimasiyanitsa pulogalamu yabwino ndi yodyera anthu masuku pamutu ndi zimene zazungulira ndalamayo, zolembedwa momveka.

Kuno kwathu musasokonezenso ndi ntchito za Mbwezera Chilengedwe zimene zimadzera ku khonsolo. Zija ndi zothandiza mabanja ovutika, anthu amasankhidwa kuchokera m'kaundula wa boma, amagwira maola ochepa m'dera lawo lomwelo kwa masiku owerengeka, n'kumagona kunyumba. Wina akakuuzani kuti "ngakhale a boma amalipira zochepa kuposa ife", akufananitsa zinthu zosiyana.

Chikwakwa77

Ine ndisiyane pang'ono ndi a Waleba. Masamu awo ndi oona, koma mukalowa mu ofesi mawa ndi lamulo m'manja ngati mwabwera kudzazenga mlandu, dzina la mwanayo lifufutidwa musanafike pa depoti. Pamzere pali achinyamata ena ambiri amene asaina osawerenga n'komwe. Pitani ngati kholo lofuna kumvetsa, mufunse modekha, ndipo musankhe zinthu zitatu kapena zinayi zoti zilembedwe: deti lolandirira, za kuvulala, muyezo wa chakudya, ndi malo ogona atsikana. Izi bungwe loona mtima limavomera chifukwa sizisintha bajeti. Kukweza alawansi ya munthu mmodzi sangachite, ndalamazo zinavomerezedwa kale ndi amene amawathandiza.

Chimene ndingayang'ane kwambiri ndi satifiketi ija. Ilipo ya mitundu iwiri. Ina imangoti "anatenga nawo mbali", ya maluwa m'mbali, yothandiza kukongoletsa khoma. Ina imatchula miyezi imene wagwira ndi luso limene waphunzira: kuyendetsa nazale ya mbande zingati, kugwiritsa ntchito GPS, kulemba malipoti pa foni, kuyeza mizere ya akalozera ndi chingwe ndi levulo, chithandizo choyamba, kuzimitsa moto. Yachiwiriyo ndiye imatsegula makomo. Afunse kuti maphunziro ndi masiku angati, amaphunzitsa ndani, ndipo a ofesi ya zankhalango ya boma amasainapo kapena ayi.

Makomowo alipo. Kuyambira 2015 malo osungira nyama a Nkhotakota, amene ndi aakulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, akuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma ya zanyama zakuthengo. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo chiyambire pamenepo pali ntchito zimene kale kunalibe: oyang'anira mpanda wamagetsi, otchetcha pansi pa waya kuti udzu usabe mphamvu, olondolera alendo, ogwira m'malo ogona alendo a m'mbali mwa Bua, ophunzitsa m'midzi za njuchi ndi ulimi. Ku Salima kuli malo osungira nyama a Kuti ndi nkhalango ya Thuma. Polemba anthu, malo otere amakonda wa m'midzi yozungulira amene waonetsa kale kuti amapirira kuthengo. Amene akufuna ugemu weniweni adziwe kuti pamakhala mayeso a thupi, kuthamanga ndi kuyenda mtunda wautali atasenza katundu, kenako maphunziro a milungu ingapo, ndipo akazi amalembedwa. Wofuna za sukulu, koleji ya zankhalango ndi zanyama ili ku Dedza, ndipo kalata yochokera ku ntchito yotereyi imathandiza pofunsira malo.

Ndiye ngati zinayi zija zalembedwa ndipo satifiketi ndi ya mtundu wachiwiri, ine ndingati asaine, ngakhale ndalamayo ikuperewera. Pa K100,000, chakudya chili cha bungwe, atha kumaika K40,000 ku banki m'khonde mwezi uliwonse, pofika Novembala ili K240,000 osawerengera chiwongoladzanja. Koma asamaisunge ngati ndalama nthawi yaitali. Tonse tinaona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ikakwana ya mbuzi kapena ya fomu ya sukulu, igwire ntchito. Ndipo katapila wa kumsasa amupewe, amene uja wobwereka K10,000 kubweza K15,000 pa tsiku lolandira.

Waleba_Wopuma

Pa kafikidwe ka mu ofesi ndikugwirizana nanu a Chikwakwa, palibe chifukwa chokalipa. Kusaina pepala lolembedwa "wongodzipereka" sikuchotsa ufulu umene lamulo lapereka, ndiye nkhaniyo itha kudzadzutsidwa pambuyo ngati zinthu zavuta. Chofunika ndi umboni. Amalume, pepalalo lisainidwe awiri, limodzi litsale kunyumba kwanu, osati kumsasa kumene lingavumbwe kapena kusowa. Akakana kupereka lachiwiri, lijambuleni pa foni masamba onse musanabweze.

Zingapo za kumapeto kwa ntchito, poti palibe wazitchula. Kontirakiti ya nthawi yoikika ikatha yokha, palibe ndalama ya kuchotsedwa ntchito, ndiye mwanayo asayembekezere kanthu mu Novembala kupatula malipiro otsala ndi a tchuthi. Zimenezo ziyenera kuperekedwa pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Akafuna kumuchotsa miyezi 6 isanakwane popanda mlandu, notisi yake ndi masiku 14, kapena ndalama ya masiku amenewo. Pomudula za zida zosowa kapena ngongole, zodula zonse pamodzi zisapitirire theka la malipiro a mwezi umenewo. Ali ndi ufulunso wopempha kalata yotsimikiza kuti anagwira ntchito, yotchula masiku oyambira ndi omalizira, ndipo imeneyi ndi yosiyana ndi satifiketi ya maphunziro.

Chimene muyenera kuchiyang'anira ndi kuonjezera. Akamaliza miyezi 6 n'kumupatsa ina 6, kenako inanso, pa ntchito yomweyo imene bungwe limagwira chaka chonse, gawo 28 la lamulo lija la Employment Act limati kontirakiti yotero iwerengedwe ngati ya ntchito yokhazikika. Pamenepo za "nyengo" zija zatha, penshoni ndi zina zonse ziyenera kuyamba.

Pakavuta, poyambira ndi ofesi ya zantchito pa boma la Nkhotakota, ndipo kudandaula n'kwaulere. Ngati nkhani ndi yochotsedwa ntchito mopanda chilungamo, dandaulo lifike pasanathe miyezi itatu. A leba amaitana mbali zonse ziwiri, zikakanika amalemba kalata yotumiza nkhaniyo ku khoti la zantchito. Popita atenge pepala losainidwa lija, mauthenga a pa foni oonetsa ndalama zimene analandira mwezi ndi mwezi, buku la kuchipatala ngati anavulala, ndi kope la ndime limene a Kapitawo anena.